Thandizo pa kuwerengetsa oxygen yomwe hemoglobin imagwira

Akuluakulu, ndithandizeniko pa masamu a Hill equation, yowerengetsera kuchuluka kwa oxygen yomwe hemoglobin (puloteni yonyamula oxygen m'magazi) imagwira. Ndikutenga P50 (mphamvu ya oxygen yomwe imadzazitsa theka la malo ogwirira oxygen a hemoglobin) kukhala 26.8 mmHg (muyeso wa mphamvuyo) ndipo n (nambala yosonyeza mmene malowo amathandizirana kugwira oxygen) kukhala 2.7. Ndikaika 100 mmHg, monga mmene zilili m'mapapo, ndikupeza kuti hemoglobin yadzaza 97 peresenti. Pa 40 mmHg ya magazi obwerera ku mtima ndikupeza 75. Apa zikuyenda.

Chandiimika mutu ndi ichi: pH ikatsika kufika 7.2 (kutanthauza kuti asidi wawonjezereka), monga zimachitikira m'minofu ya munthu amene akuthamanga, hemoglobin imataya oxygen msanga. Ndiye P50 ndiikweze bwanji, nanga n nayonso isinthe? Komanso n'chifukwa chiyani n si 4, pomwe hemoglobin ili ndi malo anayi ogwirira oxygen? Amene mukuzidziwa, chonde ndiyendetseni pang'onopang'ono, ndikufuna kuzimvetsa bwinobwino.