Kodi kutopa kumasintha bwanji mmene mwendo umaterera munthu akalumpha?

Nabanda wa ku Dedza:

Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale, ndipo kwa zaka zinayi tsopano ndine amene ndimayang'anira timu ya atsikana ya ntchemberembaye. Loweruka lapitali, m'chigawo chachinayi, mtsikana wathu wosewera pakati analumpha kuti awakhe mpira monga amachitira nthawi zonse, koma potera bondo lake lamanzere linapindikira mkati, ndipo anagwa pansi akulira atalikumbatira, pomwe panalibe aliyense amene anamukhudza. Pofika madzulo linali litatupa kwambiri.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndinali nditaona kale chizindikiro koma sindinachilabadire. M'chigawo choyamba atsikanawa amatera mwakachetechete, koma chakumapeto mapazi awo amamveka kuti di! pasimenti, mpaka ine amene ndaima kunja kwa bwalo ndimamva. Ndikupempha amene mukudziwa za thupi mundifotokozere chimene kutopa kumasintha m'mwendo, komanso chimene ndingachite kuti ana enawa asavulale chimodzimodzi.

Wamafizo wa ku Zomba:

Pepani kwambiri, Aphunzitsi. Choyamba, mwanayo aonedwe kuchipatala ndipo asabwerere m'bwalo ngakhale ululu utachepa, chifukwa bondo lotupa patangopita maola ochepa, munthu atavulala potera popanda womugunda, nthawi zambiri limatiganizitsa za mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL, umene umagwira fupa la msongolo kuti lisatererekere kutsogolo kwa fupa la ntchafu. Mtsempha umenewu suoneka pa X-ray, choncho mukauzidwa kuti fupa silinathyoke musaganize kuti nkhani yatha. Pafunika kuti wodziwa alipime bondolo ndi manja.

Munthu akamatera, mphamvu imene imabwerera m'thupi kuchokera pansi imaposa kulemera kwake kangapo, ndipo mphamvuyo iyenera kupita penapake. Mwendo wosatopa umaigawa: zala za kuphazi zimafika kaye, katumba amatsitsa chidendene pang'onopang'ono, kenako bondo ndi chiuno zimapindika pamene minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi ya m'matako ikugwira thupi ngati mabuleki. Minofuyi ikatopa, osewera ambiri amayamba kutera mwendo uli wowongoka ndiponso phazi lonse nthawi imodzi, ndipo katundu amene minofu ikanasenza amagwera mafupa ndi mitsempha. Phokoso limene mwalimva pasimenti ndi limenelo.

Kupindikira mkati kwa bondo kumayambira m'chiuno, ngakhale kuti ululu umamveka pabondo. M'mbali mwa thako muli mnofu umene ntchito yake ndi kugwira ntchafu kuti isakhotere mkati munthu akaima ndi mwendo umodzi, ndipo ukafooka, chiuno chimapendekera mbali ina, thupi limatsatira, bondo n'kulowa mkati. Pamwamba pa izi, kutopa kumachedwetsa uthenga umene mfundo ndi minofu zimatumiza ku ubongo wonena pamene mwendo uli. Kuchedwako n'kochepa, koma ACL imaduka pa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi phazi litangogunda pansi, ndiye kuti palibe mpata woti munthu akonze chimene chalakwika. Minofu iyenera kukhala itakonzeka iye adakali m'malere.

Ntchemberembaye imawonjezera vutoli chifukwa cha lamulo la mapazi: wosewera akatera ndi mpira saloledwa kupitiriza kuthamanga kuti liwiro lithe lokha, koma ayenera kuponya mpirawo kapena kuima msanga, kawirikawiri ndi mwendo umodzi, kwa zigawo zinayi za mphindi 15. Komanso atsikana amaduka mtsempha umenewu kwambiri kuposa anyamata pamasewero ofanana.

Mbewe, kochi wa mpira wamiyendo:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene mwafotokoza, Achimwene, koma ndikuopa kuti Aphunzitsi angachoke pano akuganiza kuti ngozi ili m'chigawo chomaliza chokha. Mu 2020 akatswiri a ku Italy anasindikiza kafukufuku amene anaonera makanema a osewera mpira wamiyendo a m'maligi akuluakulu a dzikolo pa nthawi imene ankaduka ACL, ndipo anapeza kuti ambiri anavulala m'chigawo choyamba, osati chachiwiri. Munthu amene sanatope amathamanga kwambiri ndi kulumpha patali, motero mphamvu imene bondo limalandira imakhalanso yaikulu.

Ine ndaona anyamata amene bondo lawo limalowa mkati ngakhale atangodzuka m'mawa, chifukwa palibe amene anawaphunzitsapo kutera. Kwa oterowo kutopa kumangoonetsa poyera chilema chimene chinalipo kale. Ndikanakonda Aphunzitsi akanaimika mwana aliyense pa sitepe, n'kumuuza kuti atsike ndi mwendo umodzi iwo akuyang'ana kutsogolo kwake, masewero asanayambe n'komwe, kuti adziwe amene ali pachiopsezo.

Wamafizo wa ku Zomba:

Bambo Mbewe, mwanena zoona, ndipo sindikutsutsa. Ndingowonjezera kuti kutopa sikuwerengedwa ndi wotchi ya oyimbira yokha. Mwana amene wayenda mtunda wautali kupita kubwalo, wadya pang'ono, ndipo dzulo lake anasewera magemu atatu padzuwa, amalowa m'chigawo choyamba ali wotopa kale. Ngakhalenso wosewera wamphamvu, akathamanga mwaliwiro kangapo motsatizana, miyendo yake imafooka kwa kanthawi ngakhale masewero atangoyamba kumene.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti kutera kumaphunzitsika. Ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+, imene imatenga mphindi pafupifupi 20 ndipo sifuna zipangizo zodula, inayesedwa pa atsikana osewera mpira wamiyendo ku Norway, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Bungwe la Netball Australia lilinso ndi ndondomeko yake yotchedwa KNEE yokonzedwera masewero anuwa. Aphunzitsi, yambani ndi kutera ndi miyendo iwiri, kenako umodzi, bondo likuloza kumene chala chachiwiri cha phazi chikuloza, matako akubwerera kumbuyo ngati munthu akukhala pampando, ndipo muziwauza kuti simukufuna kumva phokoso. Akazolowera, muzibwerezanso pang'ono kumapeto kwa maphunziro pamene atopa, inu mukuyang'anitsitsa, ndipo amene bondo lake layamba kulowa mkati apume.

Mwana wovulalayo mumuuze za Mwawi Kumwenda, amene anaduka ACL mu 2018 akusewerera timu ya ntchemberembaye ya Melbourne Vixens ya ku Australia, sanapite nawo ku chikho cha dziko lonse ku Liverpool mu 2019, koma mu 2020 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa ndime yomaliza imene timu yake inatenga chikho. Mumuuzenso kuti kuchira kotero kumatenga miyezi isanu ndi inayi kapena chaka chathunthu cha mafizo, kuti asadzathamangire kubwerera.

Nabanda wa ku Dedza:

Zikomo nonse awiri. Makolo a mwanayo ndalankhula nawo, ndipo mawa m'mawa tibwerera naye kuchipatala kuti akalipime bondolo, popeza ulendo woyamba anangojambulidwa n'kupatsidwa mankhwala opha ululu. Dzulo ndinawaimika atsikana khumi ndi awiri pa sitepe ya kalasi monga ananenera Bambo Mbewe, ndipo asanu mwa iwo bondo linalowa mkati asanathamange ngakhale pang'ono. Awiri mwa asanuwo ndi amene ndimawasiya m'bwalo zigawo zonse zinayi chifukwa ndi amene amagoletsa, choncho Loweruka likubwerali ndiyamba kuwapumitsa chigawo chimodzi aliyense, ngakhale zitatanthauza kuti tigonja.