Mutu wa T-55 mu Blender ukungotuluka makwinya, ndikulakwitsa pati?

Fulu35 analemba:

Abale, ndithandizeni nzeru, sabata yachitatu ino ndili pa chinthu chimodzi. Ndikupanga kasinja wa T-55 mu Blender, pulogalamu youmbira zinthu za 3D pa kompyuta, cholinga ndidzamusindikize pa printer ya resin pa sikelo ya 1/35. Thupi silinandivute, paja ndi zitsulo zaphwatalala zowotcherera, ukadziwa kupendekeka kwake wamaliza. Mawilo ndi tcheni ndinathana nazo. Pomwe ndatitimira ndi pa mutu, turret ija yokhala ngati chigoba cha fulu.

Ndinatenga UV sphere, mpira wopangapanga wa mu Blender, n'kudula theka la pansi, n'kumaikoka ndi proportional editing mpaka inagwirizana ndi chojambula cham'mbali ndi chapamwamba. Ndinaika Subdivision Surface, chida chosalazira, pa level 2, ndipo kunena zoona ndinadzitama, inali yosalala ngati dzira. Mavuto anayamba nditaboola ndi Boolean malo a mzinga wa 100 mm uja, ndi timabowo tiwiri ta m'mbali mwake, ka mfuti yaing'ono kumanja ndi koonera wowombera kumanzere. Kuzungulira bowo lililonse kunatuluka makwinya ngati nsalu yosasita. Ndinati ndilimbitse m'mphepete powonjezera mizere ndi Ctrl+R, koma mizereyo imazungulira mutu wonse, ndiye kumbuyo komwe kunali bwinobwino kwatuluka nthiti.

China, zojambula zitatu zomwe ndili nazo sizikumvana. Ndikatsatira cham'mbali, chakutsogolo chikutsala pang'ono. Ndikhulupirire chiti? Kapena ndingosiya Blender ndipite ku Fusion, pulogalamu ya CAD ija amajambulira mainjiniya?

Chikombole analemba:

Achimwene, musathawe Blender, vuto si pulogalamu ayi. Inenso ndinadutsa momwemo ndi M4A1 Sherman, ija thupi lonse ndi loumba, lopanda ngodya ndi imodzi yomwe. Ndinataya mafayilo anayi ndisanamvetse.

Choyamba, UV sphere itayeni. Pamwamba pake mizere yonse imakumana pa kadontho kamodzi, ndipo timagawo tozungulira pamenepo ndi ta nsonga zitatu. Njira ya Catmull-Clark imene Subdivision imagwiritsa ntchito, ya mu 1978 ija, imayenda bwino pomwe kadontho kalikonse kakumana mizere inayi. Pakakumana itatu kapena isanu pamatsinika, ndiye ganizirani pokumana mizere 32. Timadontho totere sitingatheretu, koma tiikeni pamalo aphwatalala kapena pomwe padzakhale chivindikiro, osati pa tsaya la mutu pomwe kuwala kumagwera.

Chachiwiri ndi chomwe chinandimasula ine: madontho akhale ochepa mochititsa manyazi. Yambani ndi cube, muigawe pang'ono, mukhale ndi ma quad (timagawo ta nsonga zinayi) mwina 60 basi. Level iliyonse imachulukitsa kanayi, ndiye 60 ija pa level 2 ndi 960, pa level 3 ndi 3,840. Kusalala kumeneko kusiyireni kompyuta. Inu mukamakoka madontho 900 ndi dzanja, kamodzi kokha kakasuntha ndi theka la milimita, padzaoneka chotupa ndipo simudzadziwa komwe chachokera.

Tsopano za mabowo. Mutu wopanda bowo uja ukakhala momwe mukufunira, upangeni kope, mulipatse dzina, mulibise. Limenelo musalikhudzenso, ndiye chikombole chanu. Pa linalo apulayani subdivision level 1 kapena 2 kuti madontho akwane, ndiyeno muziboola, kusuntha madontho, kuzunguliza bowo ndi mkombero wa ma quad, chilichonse. Mukatero ikani Shrinkwrap kuloza ku kope lobisika lija, pansi pa Subdivision. Madontho onse osochera amabwerera pa khungu loyamba, makwinya n'kuzimiririka. Kumbukirani kupanga vertex group (gulu la madontho) ya khungu lakunja lokha, apo ayi makoma a mkati mwa bowo nawonso adzakokedwa n'kuphwanyika. Ine ndinaiwala zimenezi tsiku loyamba, bowo la mzinga linatsekeka ndikuona.

Nthiti zakumbuyo zikubwera chifukwa mukulola mzere wolimbitsira kuyenda mutu wonse. Mzerewo uzizungulira bowo lokhalo n'kudziluma mchira. Pena Shift+E, yolimbitsa m'mphepete mwachindunji, imakwana, osawonjezera mzere uliwonse.

Ndipo musamaweruze ndi mtundu wotuwa wa Blender uja, umabisa zambiri. Sinthani ku matcap (mtundu woonera khungu) yonyezimira kapena ya mizeremizere, muzungulize pang'onopang'ono. Mzere ukapindika mwadzidzidzi, pamenepo pali vuto ngakhale maso asakuliona.

MizereYaMbidzi analemba:

A Chikombole anena zoona pa Shrinkwrap, koma ine ndisiyana nawo pang'ono. Mwanena kuti mudzasindikiza. Ngati ndi choncho, CAD musainyoze. Ine ndimagwiritsa ntchito Rhino ndi Fusion, ndipo nkhani ya bowo kumeneko kulibe n'komwe: NURBS, khungu la mu CAD, mukaidula, khungu lotsala silisintha mpang'ono pomwe, chifukwa ndi masamu, si ukonde wa madontho. Mutu ngati umenewu ndimajambula mizere yopingasa isanu kapena isanu ndi umodzi kuyambira pansi kukwera, n'kupanga Loft, kuilumikiza ndi khungu limodzi, kapena ndimauumba mu Form ya Fusion ndi T-spline kenako n'kuusandutsa chinthu cholimba. Mukafuna khoma la 1.5 mm kuti resin isawonongeke yambiri, kapena mpata wa 0.2 mm kuti mutu uzizungulira pa thupi, mumangolemba nambala.

Kuipa kwake nakonso ndinene. Pomwe zidutswa ziwiri zikumana mumalimbana ndi G1 ndi G2, miyezo ya kusalala kwa msoko, mpaka mutu kuwawa. G1 imaoneka yosalala, koma mukayatsa Zebra, mizere ya mbidzi yoyesera kusalala, mizereyo imafika pamsoko n'kukhota mwamphamvu, G2 ndiye imadutsa mosadodoma. Ndipo khungu lokhakhala la chitsulo choumba mu CAD simungalipeze, mudzabwererabe ku Blender. Ndiye ngati simunaigwirepo, musayambire pa turret imeneyi, mudzaida.

Chikombole analemba:

Apo pomalizapo tagwirizana, akulu. Munthu watha kale sabata zitatu, tisamupatsenso miyezi itatu ya maphunziro.

WaNyundo analemba:

Ine sindine katswiri wa makompyuta ngati anzangawa, ndimamata akasinja a pulasitiki, Blender ndayamba mochedwa. Koma funso lanu la zojambula palibe waliyankha.

Musakhulupirire chilichonse mwa zitatuzo ndi mtima wonse. Zambiri zomwe zili pa intaneti anajambula ndi anthu ongoyang'ana zithunzi, si za kufakitale. Tengani muyezo umodzi womwe mukuudalira, muukhomere, zina zonse muzitsatira zithunzi za kasinja weniweni. Sankhani zojambulidwa chapatali, chifukwa kamera ikayandikira imatupitsa tsaya loyandikana nalo. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa fSpy kamene kamathandiza kuika kamera ya Blender pomwe panaima wojambula, ndiye mumasanjika mutu wanuwo pa chithunzi n'kuona pomwe wasiyana. Zithunzi za akasinja a m'mamyuziyamu a ku Bovington ndi ku Kubinka zilipo zambiri, mbali zonse.

Komanso taonani bwino denga. Mutu wa T-54 ndi T-55 si chigoba chimodzi mpaka pamwamba. M'mbali ndi moumba, koma dengalo ndi zitsulo ziwiri zooneka ngati chilembo D, zowotchereredwa pakati ndi kuzungulira. Ndiye pamwamba pomwe sphere yanu ikutsinika, pa kasinja weniweni khungu loumbalo palibe. Dulanipo, denga mupange padera, mulambalitse msoko wa wotcherera. Mirror, yofananiza mbali ziwiri ija, muigwiritse ntchito poyamba pokha, chifukwa kumanzere kuli kanyumba ka mkulu wa kasinja, kumanja chivindikiro cha woika zipolopolo, sizifanana. Ndipo ngati pa zithunzi zanu pali kachibowa ka mpweya kutsogolo kwa chivindikiro chakumanja, ameneyo ndi T-54, musakaike pa T-55 wanu.

Chomaliza, musapitirire muyezo ndi kukhakhala. Ambiri amathira noise, timatotupa ta kompyuta, mpaka mutu kumaoneka ngati mwala. Werengani nokha: chotupa cha 3 mm pa chitsulo chenicheni, pa 1/35 sichikwana 0.1 mm, pamene printer yanu mwina ikuyala 0.05 mm pa mzere. Utoto ukapita kawiri chatha. Ine ndimangogunda pang'ono mu Sculpt Mode, mosalinganiza, kwambiri cha m'munsi, pafupi ndi misoko ndimasiya posalala.

Fulu35 analemba:

Zikomo nonse, ndabwera kudzapereka lipoti. Ndinayambiranso ndi cube Loweruka, ma quad 72, ndipo mkati mwa maola awiri ndinali nditafika pomwe sphere inanditengera sabata. Zinandipweteka pang'ono, koma basi. Za denga a WaNyundo mwanditsegula maso: zithunzi ndinali nazo nthawi yonseyi, msoko ukuonekeratu, ine n'kumaona ngati ndi dothi. Nditadula dengalo, theka la mavuto linapita nalo.

Shrinkwrap yagwira pa timabowo tiwiri tija, matcap ya mizere ikudutsa mwee. Pa bowo la mzinga pokha patsala kakhwinya kumunsi kumanzere, pomwe pakumana mizere isanu. Ndayesa kukasunthira cham'mbali, kakungosamuka nako. Ndaganiza zokasiya, paja pamenepo pamabwera chinsalu chophimba khosi la mzinga. Chinsalucho ndiye sindinayambe n'komwe. A Chikombole, pa Sherman wanu kapena kasinja wina munayesapo cloth brush, burashi yopangira mapindo a nsalu, kapena mapindo ake mumangowaumba ndi dzanja?