Sitolo ikufuna kusiya kundilipira pa vidiyo, akuti tiyambe za komishoni

Wamafoni_LL:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru chifukwa nkhani iyi yandikwana. Ndimapanga mavidiyo ounika mafoni, ma power bank ndi zipangizo za sola m'Chichewa, ndipo ndimawaika pa Facebook, TikTok ndi YouTube. Sitolo ina ya mu Lilongwe muno, imene yakhala ikundilipira ndalama yokhazikika pa vidiyo iliyonse, tsopano yasintha mawanga: akuti malonda avuta, choncho tisiye sponsorship tiyambe affiliate, andipatse linki ndi promo code yangayanga (mawu apadera amene wogula azitchula posonyeza kuti wadzera mwa ine), ndizilandira 5 peresenti pa katundu aliyense wogulidwa kudzera mwa ine. Pakamwa zikukoma, koma nonse mukudziwa mmene anthu athu amagulira. Munthu akaonera vidiyo sadina linki ayi. Amajambula chithunzi cha foniyo, n'kuchitumiza pa WhatsApp kwa wogulitsa, n'kunenerera mtengo, kenako amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, mwinanso amapita yekha kusitolo ndalama zili m'thumba. Nanga malonda otere awerenga ndani? Nditafunsa za dashboard, tsamba la pa intaneti losonyeza malonda amene adzera mwa ine, andiyankha kuti mnyamata wa pa kauntala azilemba m'kope. Awonjezeranso kuti ndisatchule sitolo ina iliyonse ya mafoni kwa miyezi 6. Bandulo, mayendedwe ndi wondithandiza editing ndimalipira ndekha, ndipo yankho akulifuna Lachisanu. Amene munadutsamo, munatani?

MkuluWaBlog:
Vomerani, achimwene, musachedwe n'komwe. Sponsorship imakulipirani kamodzi, vidiyo ikatuluka nkhani yatha, pamene komishoni imabwerabe ngakhale mutagona, malinga anthu akuoneranso vidiyoyo. Ine ndili ndi nkhani zimene ndinalemba kalekale zokhudza hosting (kusungira anthu mawebusayiti pa intaneti), ndipo mpaka lero zimandibweretsera kangachepe. Kumbukiraninso zimene zinachitika mu November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Amene anali atasainira ndalama yokhazikika ya miyezi ingapo anangoona mtengo wa ntchito yawo ukusungunuka, koma wa peresenti sanadandaule kwambiri chifukwa mtengo wa foni ukakwera, komishoni nayo imakwera.

MayiWaMaphikidwe:
Bambo a Blog, zimene mukunenazo zimatheka pamene pali kompyuta yowerengera, osati kope la pa kauntala. Mchimwene wanga Wamafoni, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mnyamatayo pa tsiku la malipiro a mwezi, anthu atadzaza m'sitolo, sadzakumbukira kufunsa aliyense kuti wamva kuti za foniyo, ndipo ngakhale atakumbukira, bwana wake alibe chifukwa chomulimbikitsira kulemba chinthu chimene chikumudyera phindu. Komabe sindikuti sponsorship ilibe minga. Kampani ina ya zokometsera ndiwo inandilipira vidiyo imodzi, ine n'kusangalala, osadziwa kuti m'pepala limene anandisainitsa munali mawu owapatsa ufulu wogwiritsa ntchito vidiyoyo mmene angafunire. Anaidula, anaika chizindikiro chawo, n'kuyamba kuikankha ngati malonda olipiridwa pa Facebook kwa nthawi yaitali, mpaka kampani inzake imene ndinkakambirana nayo inabwerera m'mbuyo poganiza kuti ndine kazembe wa opikisana nawo. Nkhope yanga inagwira ntchito chaka chathunthu pa malipiro a tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo, mtengo wa kupanga vidiyo ndimaulemba pawokha, ndipo wa kuigwiritsa ntchito pa malonda awo ndimaulembanso pawokha, ndi tsiku lothera.

WakuJoni:
Ndiyankhuleko monga munthu amene ndagwiritsapo ntchito affiliate yeniyeni kuno ku Johannesburg, kuti tisamasokoneze zinthu ziwiri. Pa Amazon Associates, affiliate ya sitolo ya pa intaneti ya Amazon, munthu akadina linki yanu cookie, kachizindikiro kosonyeza kuti wadzera mwa inu, imakhala maola 24 okha, ndipo akagula nthawiyo itadutsa osaika katunduyo m'basiketi, inu mulibe gawo. Akaunti yatsopano imayenera kugulitsa katatu m'masiku 180 oyamba, apo ayi amaitseka. Ndalama amalipira patadutsa pafupifupi masiku 60 kuchokera kumapeto kwa mwezi umene mwagulitsa. Choopsa kwambiri n'chakuti peresenti amaisintha okha osakufunsani: mu April 2020 anatsitsa ya mipando ndi katundu wokonzera nyumba kuchoka pa 8 kufika pa 3 peresenti, ndipo anthu amene anamanga moyo wawo pa gulu limenelo anangodzuka ndalama zitaphwa. Ngati zili choncho kumene chilichonse chimaoneka pa dashboard, inu amene mwalonjezedwa kope mudziwe kuti chiopsezo chonse achichotsa pa mapewa awo n'kuchisenzetsa inu. Iwo akufuna kuonekera kwa anthu anu kwaulere, azilipira pokhapokha avomereze okha kuti agulitsa.

MkuluWaBlog:
Zonsezo ndikuzidziwa, koma mfundo yanga sinagwe. Amene amalandira ndalama yokhazikika ali ndi denga, sangapyole zimene anagwirizana ngakhale vidiyo itaonedwa ndi dziko lonse. Wa komishoni alibe denga. Vuto la achinyamata inu mumafuna ndalama ya lero.

Wapodikasiti_BT:
Bambo, denga limene mukunenalo ndi loona, koma tiyeni tiwerenge pang'ono. Pa foni ya K300,000, 5 peresenti ndi K15,000. Wamafoni atenge ndalama imene ankalandira pa vidiyo imodzi, aigawe ndi K15,000, aone kuti pakufunika mafoni angati olembedwa m'kopemo kuti angobweza zakale, kenako adzifunse moona mtima ngati vidiyo imodzi ingagulitse mafoni ochuluka chotero, poganizira kuti mwa ogulawo ambiri sadzatchula code. Chimene chandikhumudwitsa kwambiri ineyo si komishoni, koma miyezi 6 yosatchula sitolo ina. Kudzipatulira kampani imodzi kumagulidwa, sikuperekedwa ngati basela. Akufuna kuti mutseke chitseko kwa ena onse popanda kukutsimikizirani tambala, ndipo zimenezo musavomere ngakhale mutasankha affiliate. Ine ndikanakhala inu ndikanawabwezera ganizo ili: ndalama yokhazikika itsike pang'ono koma isachoke, theka lake liperekedwe musanajambule, komishoni ibwere pamwamba, ndipo code ikhale yochotsera wogula mtengo zenizeni, chifukwa munthu amakumbukira kutchula code pokhapokha ikumupulumutsira ndalama iyeyo. Mulembenso kuti katundu akabwezedwa komishoni ikhala bwanji, popeza ambiri amaichotsa mwakachetechete.

Wamafoni_LL:
Zikomo nonse. Za theka loyambalo ndinayeserapo kutchula, koma anandiuza kuti pali ena ambiri pa TikTok amene angavomere kungopatsidwa foni yobwereka n'kujambula. Ndicho chikundipweteka, chifukwa ndikakana mwina ndataya kasitomala yekhayo wokhazikika amene ndili naye.

MayiWaMaphikidwe:
Mawu amenewo ndi oopsezera chabe, tonse tinawamvapo. Akanakhala kuti aliyense angachite zimene mumachita inu, sakanavutika kukambirana nanu. Ine ena anafuna kundilipira ndi katoni ya mafuta ophikira, ndinawafunsa ngati eni nyumba angalandire mafutawo ngati lendi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Patapita nthawi anabweranso okha.

Wazamasewero:
Ndichenjezeko pa mbali ina imene sinatchulidwe, chifukwa ife a mpira timakumana nayo tsiku lililonse. Makampani obetcha ndi amene amapereka affiliate yooneka yonona, ndipo ambiri amalipira gawo la ndalama zimene anthu amene mwawalembetsa aluza. Tanthauzo lake n'lakuti inu mumapindula otsatira anu akamalira. Mnzanga wina analowa zimenezo, ndalama zinabweradi, koma makomenti ake anadzaza ndi anthu omutukwana, ndipo makampani ena aulemu wawo anayamba kumupewa. Pa mafoni sizifika pamenepo, komabe mzimu wake ndi womwewo. Tsiku limene mudzapeze kuti batire ya foni inayake imatha dzuwa lisanafike paliwombo, kodi mudzanena poyera mukudziwa kuti komishoni yanu ili pa foni yomweyo? Anthu amakuonerani chifukwa mumanena zoona, ndipo komishoni imakukokerani kuyamikira chilichonse, makamaka chodula.

WakuJoni:
Mfundo imeneyo ndi yolemera, ndipo ikukhudza njira zonse ziwiri. Kaya ndi sponsorship kaya ndi affiliate, uzani anthu kuti mukulipidwa. YouTube ili ndi kabokosi kosonyeza kuti muvidiyo muli malonda olipiridwa, Facebook ili ndi chizindikiro cha paid partnership, ndipo kuno ku South Africa bungwe la Advertising Regulatory Board limayembekezera kuti tiziika mawu ngati #ad poonekera. Kumudziko nkhani za malonda osocheretsa ogula zimapita ku Competition and Fair Trading Commission, choncho musalole sitolo kukulemberani mawu onena kuti katundu ali ndi waranti imene inu simunaione ndi maso.

MkuluWaBlog:
Palibe amene wanena kuti aname. Ine ndimalemba zoona ndipo linki ndimaikabe. Ndikubwerezanso, pakatha zaka ziwiri mudzaona kuti amene anasankha komishoni ali patsogolo. Ngati vuto ndi kope, asiye sitoloyo alowe mapulogalamu akunja amene amawerenga okha ndi kulipira m'madola.

Wapodikasiti_BT:
Bambo a Blog, inu mumalemba m'Chingerezi za hosting, owerenga anu ambiri ali kunja ndipo ali ndi makhadi ogulira pa intaneti. Mnzathuyu amalankhula Chichewa kwa munthu wa ku Kawale kapena ku Ndirande amene akufuna foni yosunga moto, ndipo munthu ameneyo sadzaitanitsa power bank kuchokera ku America. Komanso madolawo kuti afike m'manja si nkhani yamasewera, popeza ambiri amadutsira pa Payoneer, njira yolandirira ndalama zakunja pa intaneti, kapena kubanki, kumene ndalama zina zimatsalira m'njira.

Mlongo_Akawunti:
Popeza mwafika pa za ndalama, ndikumbutseko za msonkho. Kampani yolembetsedwa ikamakulipirani, kaya ndi komishoni kaya ndi ndalama ya vidiyo, ikhoza kudula withholding tax, msonkho wochotseratu pa malipiro anu, n'kuipereka ku MRA, choncho pokambirana mtengo funsani ngati ndalama imene akutchulayo ndi yodulidwa kale kapena ayi. Khalani ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, perekani invoisi pa ntchito iliyonse, ndipo akadula muwaumirire akupatseni satifiketi yake, chifukwa popanda pepalalo simungatsimikize kuti msonkhowo unaperekedwa m'dzina lanu.

Wazamasewero:
Achemwali, pamenepo mwandigwira mtima. Pali kampani imene yakhala ikundidula msonkho pa malipiro onse koma satifiketi sinandipatsepo, ndikafunsa amangoti wa akawunti watuluka. Kodi ndipitirize kuwalembera makalata, kapena ndipite ndekha ku ofesi ya MRA ndi ma invoisi anga?