Paipi ikudontha pafupi ndi suweji yosefukira, a kampani ya madzi angoti "tikubwera": tichite chiyani?

Wofunsa:
Abale anga pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Paipi ya madzi mumsewu wathu inang'aluka miyezi iwiri yapitayo, madzi akungoyenderera usana ndi usiku. Zikanakhala zokhazo ndikanapirira. Koma chakumtunda pang'ono dzenje la suweji nalo likusefukira, zonyansa zake zikusakanikirana ndi madzi aja n'kutsetserekera kumtsinje. Fungo lake musanene. Ndaimba foni kukampani kasanu, yankho ndi limodzi: "Talemba mayi, anyamata akubwera." Chosachedwa ndi bilu yokha. Kodi ndisiye kulipira mpaka akonze? Nanga pamwamba pa iwowo pali kwina kokadandaula?

Bambo wina wokonza mapaipi:
Mayi, zodandaula zibwere pambuyo, madzi akumwa yambani lero kuwiritsa kapena kuthira klorini. Ambiri amaona ngati paipi yong'aluka imangotaya madzi. Imayamwanso. Madzi akamathamanga ndi mphamvu, mng'alu umalavulira kunja. Koma akasiya, kapena mphamvu ikatsika, zoipa zomwe zazungulira paipiyo zimalowera pamng'alu pomwepo, ndipo tsiku lobwera madzi zimafika pampopi panu. Kolera ndi taifodi zimayenda choncho. Ku London mu 1854 dokotala John Snow anapeza kuti kolera inkachokera pa mjigo wa pa Broad Street, ndipo kenaka kunadziwika kuti chitsime chake chinayandikana ndi dzenje la chimbudzi lomwe linkadontha.

Mayi wina:
Achemwali, musasiye kulipira. Mukatero nkhani isanduka ya ngongole yanu, ya suweji n'kuiwalika. Komanso madzi otayika asanafike pa mita yanu salowa pa bilu yanu. Tsekani mipopi yonse muone: mita ikaima, kudonthako n'kwa mbali yawo.

Membala wina:
Foni siisiya mapazi. Lembani kalata kapena imelo, akupatseni nambala ya dandaulo, muisunge. Jambulani malowo tsiku ndi tsiku, deti lizioneka, makamaka pomwe zonyansa zikugwera mumtsinje. Aneba asainire nawo. Ndiye kayezetseni madzi a pampopi ku labotale. Malangizo a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati madzi akumwa asapezeke ndi kachilombo ka m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi mu mamililita 100. Pepala la zotsatira za ku labotale salitsutsa ndi pakamwa. Kalatayo isathere kukampani kokha: ina ipite ku bungwe la boma loyang'anira makampani a madzi, ina kwa a zachilengedwe, ina kwa a zaumoyo. Kampani ikadziwa kuti ena akuwerenga nawo imadzuka msanga. Ndipo zimatheka: ku England mu 2021 khothi linalipiritsa kampani ya madzi ya Southern Water mapaundi 90 miliyoni chifukwa chothira suweji yosayeretsa m'mitsinje ndi m'nyanja kuyambira 2010 mpaka 2015.

Wina:
Achimwene, ine chindapusa sindichikhulupirira kwenikweni. Kampani ina ya ku England komweko, Thames Water, inalipa mapaundi oposa 20 miliyoni mu 2017 pa mlandu wa suweji, koma mu 2025 bungwe loyang'anira makampani a madzi kumeneko, Ofwat, linaitchajanso mapaundi pafupifupi 123 miliyoni, zambiri mwa izo pa nkhani yomweyo. Ndiye mayiwa m'kalatamo asangolira. Afunse tsiku lenileni lodzakonza, ndi yankho lolembedwa.

Wofunsa:
Zikomo nonse, za kuyamwa kwa paipizo zandiopsa, mphika uli pamoto kale. Aneba 9 avomera kusaina. Koma madzi okayezetsawo ndingatunge ndekha m'botolo lililonse?

Bambo wokonza mapaipi uja:
Ayi mayi, angakuuzeni kuti tizilombo tinali m'botolo lanu. Katengeni botolo lawo ku labotale, mutunge madzi akangobwera atasiya, muike pozizira, mukapereke tsiku lomwelo. Akalola kudzatunga okha, ndiye bwino koposa.