Filimu yathu ikuzungulira pa WhatsApp ndi YouTube, tiyambire pati?

Kamera_Area25:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mumazidziwa izi. Gulu lathu limajambula mafilimu a Chichewa ndi ndalama za m'thumba, ndipo timagulitsa potumiza fayilo kwa amene walipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Filimu ikangotuluka, sabata isanathe imakhala ili kale pa matchanelo a YouTube a anthu ena, m'magulu a WhatsApp, ndiponso kwa anyamata oika mafilimu m'mamemori ku Nsungwi ndi ku Kawale, amene akugulitsa motchipa kuposa ife. Tingaichotse bwanji pa intaneti? COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso m'Malawi muno, ingatithandize? Nanga yotsatira tiiteteze bwanji? Ena akuti njira zabwino zili ndi opanga makanema a akuluakulu (olaula) a kunja, poti ndiwo amaberedwa kwambiri. N'zoona?

Mkonzi_wa_ku_Biwi:
Achimwene, choyamba lekanitsani malo, chifukwa si onse amamva dandaulo. YouTube, Facebook ndi Google amachotsa mukadandaula m'njira yake. Telegram imagwira matchanelo ndi magulu oonekera kwa aliyense, koma zokambirana zobisika sizilowerera. WhatsApp ndiye iwalani. Mauthenga ake ndi otsekedwa moti kampaniyo siona zimene anthu akutumizirana, ndipo gulu limodzi limalowa anthu mpaka 1,024. Fayilo ikafika mmenemo, madzi atayika, saoleka.

Musanadandaule sungani umboni. Koperani linki ya kanema weniweniyo, osati ya tchanelo chonse, ndipo jambulani sikirini yoonetsa dzina la tchanelo, tsiku limene anaika ndi chiwerengero cha amene aonera. Ambiri amathamangira kukakalipa m'makomenti. Wakubayo amangochotsa yekha, kusintha mutu, mawa n'kuikanso, inu mulibe chogwira m'manja.

Pa YouTube lowani mu YouTube Studio, pitani pa gawo la Copyright, mupeza fomu yopempha kuti achotse. Makampaniwa amatsatira lamulo la ku America la 1998 lotchedwa DMCA, choncho fomu imafuna zinthu zomwezomwezo kulikonse: dzina lanu lenileni ndi adiresi, ntchito imene yabedwa, linki ya kope lakubalo, mawu oti simunapereke chilolezo, lumbiro loti ndinu mwini kapena womuimira, ndi kusaina polemba dzina lonse. Pali kabokosi koletsa kuti makope ena a kanema yemweyo aikidwenso. Kachongeni. Dandaulo likavomerezedwa tchanelo chija chimalandira chenjezo, ndipo machenjezo atatu akakumana chimatsekedwa.

Zimene zimavuta ndi ziwiri. Dzina ndi imelo zimene mwalemba wakubayo angazione, ndiye gwiritsani ntchito imelo ya gulu. Chinanso, iye ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo akatero YouTube imakupatsani masiku 10 ogwira ntchito kuti muonetse kuti mwapita kukhoti, apo ayi kanemayo amabwezeretsedwa.

Content ID, makina a YouTube ozindikira okha makope akuba, musaiyembekezere, ndi ya makampani okhala ndi ntchito zambiri. Chimene chingakufikeni ndi Copyright Match Tool, chimene chimakusakirani makope ena, koma chimayang'ana amene anayamba kuika. N'chifukwa chake filimu muziiika pa tchanelo chanu, ngakhale moibisa, musanagulitse kope loyamba. Ku Facebook pemphani Rights Manager, chida chawo chosakira makope, ndipo muwapatse fayilo yoyerekezera. Akuba odziwa amatembenuza chithunzi kumanzere kukhala kumanja, kudula m'mbali, kapena kuithamangitsa pang'ono kuti makina asaizindikire, ndiye muzisakanso nokha polemba dzina la filimu ndi mayina a osewera.

Ikakhala pa webusaiti wamba, fomu ya Google imangochotsa linki pa zotsatira za kusaka, fayilo imatsala pomwepo. Mufunika kulembera kampani imene ikusunga webusaitiyo.

Nabanda_47:
Zimene anena a Mkonzi n'zolondola, koma zonsezo zimaima pa funso limodzi: mwini wa filimuyo ndani papepala? Lamulo lathu ndi Copyright Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa ya 1989. Umwini umayamba ntchito ikangopangidwa, simufunika kulembetsa kaye, ndipo poti Malawi analowa m'pangano la maiko loteteza ntchito za luso la Berne mu 1991, ntchito yanu ndi yotetezedwanso m'maiko ena a m'panganolo. Koma magulu ambiri amajambula paubale, popanda chosainirana. Tsiku limene wojambula kamera kapena wolemba nkhani wayambana nanu n'kuika filimu pa tchanelo chake, adzatsutsa dandaulo lanu ponena kuti nayenso ndi mwini, ndipo YouTube siweruza milandu yotero. Aliyense asaine tsamba limodzi kujambula kusanayambe: wolemba, wojambula, mkonzi, osewera, ndi woimba nyimbo za mufilimu. Lilembe kuti umwini uli ndi ndani, walipidwa zingati, ndipo ndani yekha ali ndi mphamvu yogawa.

Za nyimbo ndibwerezenso. Mukaika nyimbo ya woimba wina popanda chilolezo cholembedwa, filimu yanu yomwe ikhoza kugwidwa, ndipo mukakadandaula za ena mudzafunsidwa za inu.

COSOMA inakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili konkuno ku Lilongwe. Kulembetsa kumathandiza chifukwa pamakhala mbiri ya ntchito yanu ndi tsiku lake, komanso ndiko kumadzera ndalama za msonkho wa zipangizo zosungira zinthu monga mafulashi ndi mamemori. Pa nkhani ya ogulitsa m'misika, iwo ndi apolisi ndiwo ali ndi mphamvu. Koma musayembekeze kuti akachotsa kanema pa seva (kompyuta yosungira mafayilo a pa intaneti) ya ku America, imeneyo ndi ntchito yanu ndi fomu ija. Musaiwalenso kupititsa filimu ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, musanaionetse pagulu.

Za makanema a akuluakulu, pali choonadi. Mawebusaiti oonetsa ulere atachuluka, opanga ambiri anagwa, chifukwa kanema wogulitsidwa lero ankapezeka waulere tsiku lomwelo. Ambiri anasamukira ku malo olipira pamwezi monga OnlyFans, imene inayamba mu 2016, ndipo amalipira makampani ongotumiza madandaulo a DMCA tsiku ndi tsiku. Mu December 2020 webusaiti ya zolaula ya Pornhub inachotsa makanema mamiliyoni oikidwa ndi maakaunti osatsimikizika. Tengani njira zawo zoika zizindikiro pa makope ndi zodandaulira, koma dziwani kuti kuno kupanga ndi kufalitsa zolaula ndi mlandu pansi pa gawo 179 la Penal Code, choncho wopanga zotere alibe ofesi yokadandaulako. Ndipo makanema a anthu ali m'chipinda amene amatuluka m'magulu mwathumu si nkhani ya kuba luso ayi. Nthawi zambiri mwiniwake sanavomereze. Imeneyo ndi ya kupolisi, ndipo wazaka 18 kupita m'tsogolo angagwiritse ntchito StopNCII.org, imene imatenga chidindo cha fayilo pafoni pake pomwepo popanda kutumiza kanemayo.

Fulashi_Mchesi:
Pa filimu yotsatira, kope lililonse likhale ndi chizindikiro cha wogula wake. Osalemba nambala yake ya foni pachithunzi, mungamuike pamavuto. Mpatseni kodi, monga K25-041, ndipo m'kaundula mulembe kodiyo, tsiku, ndi nambala ya malipiro imene imabwera mu meseji ya Airtel Money kapena Mpamba.

Pulogalamu ya ffmpeg ndi yaulere ndipo ili ndi chida chotchedwa drawtext cholembera mawu pachithunzi. Chizindikiro cha pakona n'chosathandiza, amangochidula kapena kuphimbapo chawo. Chikhale chozimiririka, chizisuntha malo pakapita mphindi zingapo, ndipo nthawi zina chizidutsa pakati pa chithunzi pamene nkhani yafika pokoma, poti pamenepo sangadule. Kulemba kodi mu metadata, mbiri yobisika ya fayilo, n'kutaya nthawi, imafufutika fayilo ikangosinthidwa.

Njira ina ndi yobisika. Dulani filimu m'zigawo, ndipo pamalo ena konzani mitundu iwiri yosiyana pang'ono, mwachitsanzo chithunzi cha msewu chotalika sekondi imodzi kapena ziwiri. Malo 5 otere amapereka makope 32 osiyana, malo 10 amapereka 1,024. Zigawozo mumazikonza kamodzi, kenako ffmpeg imangozilumikiza popanda kuyambiranso, ndiye laputopu wamba ikwanitsa. Ngakhale wakuba ajambule sikirini ndi foni ina, kasanjidweko kamatsala.

Kukula kwa fayilo kuwerengereni: filimu ya mphindi 90 pa 480p (mlingo wa kuyera kwa chithunzi), chithunzi 500 kbps ndi mawu 64 kbps, imatuluka pafupifupi 380 MB. Mukaipanga 1.5 GB wogula adzaona bandulo ikudula kuposa filimu, n'kupita kwa mnyamata wa memori kapena kulandira pa Xender kwa mnzake. Pa WhatsApp tumizani ngati document kuti isafinyidwe.

Linki ya unlisted pa YouTube, ya kanema wosapezeka posaka, si loko, aliyense amene ali nayo atha kuitumiza ndi kuitsitsa. Mapulatifomu okhala ndi loko woletsa kukopera wotchedwa DRM, monga Widevine, amadetsa sikirini munthu akafuna kuijambula, koma amalipiritsa, ndipo kamera ya foni ina saitchinga.

Fufuzaninso m'nyumba mwanu momwemo. Kope loyera bwino likatuluka filimu isanayambe kugulitsidwa, ladzera kwa mkonzi, kustudiyo yokonza mawu, kapena pa fulashi imene inapita kwa wothandiza ndi ndalama. Anthu amenewa muziwapatsa filimu yosayera kwambiri ya 360p yokhala ndi dzina lawo lalikulu pakati.

Gogo_wa_Zisudzo:
Ana inu, makodi ndi abwino, koma mukamupeza K25-041 mumutani? Ndalama ya filimu imabwera masiku oyambirira, pambuyo pake mukulimbana ndi mphepo. Yambani ndi kuonetsa m'holo ndi matikiti, fayilo isanatuluke m'manja mwanu. Lengezani tsiku, anthu alipiretu, ndipo onse olipira muwatumizire ola limodzi, osati mmodzi Lolemba wina Lachinayi. Wotsatsa malonda mumuike mkati mwa nkhani momwemo, pasitolo imene osewera akugula, kuti kope lakuba lizimufalitsabe, ndipo mumulipiritse podziwa zimenezo. Anyamata a memori aja amafika kwa anthu a ku Chinsapo ndi ku Mgona amene alibe bandulo yotsitsira filimu. Agulitseni kope lovomerezeka pamtengo umodzi, papepala, sabata yoyamba ikatha. Malonda akazizira ikani filimu yonse pa tchanelo chanu, anthu aonere kwanu osati kwa wakuba.

Fulashi_Mchesi:
Agogo, za holo ndi kulipiriratu ndikuvomereza. Koma kodi ili ndi ntchito yake. Wogula asanalipire mutumizireni meseji yonena kuti kope ndi lake yekha, lili ndi chizindikiro, ndipo kuligawa n'kuphwanya lamulo, iye ayankhe kuti wavomera. Sungani yankholo. Kope lake likapezeka kwina, musamugulitsenso, mulembereni kalata, ndipo ngati akuchita malonda nalo pitani ndi kaundula, meseji ija ndi zithunzi za sikirini ku COSOMA. Musamutchule dzina pa Facebook. Kodi imangoonetsa kuti kope linali lake, sionetsa kuti anaika ndi iye, mwina foni inali kwa okonza kapena kwa mlamu wake, ndipo akhoza kukusumirani chifukwa chomuipitsira mbiri. Anyamata a memori nawonso aliyense apatsidwe kodi yake.