Kuyesa mbewu za GMO pa yunivesite: amayamba pati?

Wofunsa: Akuluakulu, yunivesite ikafuna kuyesa mbewu ya GMO (yosinthidwa chibadwa mwasayansi) m'munda, ngati thonje la Bt (lodziteteza ku mbozi) lomwe anayesa ku koleji ya zaulimi ya Bunda mu 2013, imayambira pati?

Woyamba: Pempho liyambe launikidwa ndi komiti ya biosafety (yoona za chitetezo cha anthu ndi chilengedwe) ya pasukulupo, kenako lipite kuboma motsatira lamulo la Biosafety Act la 2002. Chilolezo chisanatuluke, osadzala.

Wachiwiri: Mundawo autchinge ndi waya, pachipata mlonda. Mbewu zibwere m'zotengera ziwiri zomata, china m'kati mwa chinzake, zitawerengedwa. Zotsala zilembedwe m'buku. Mukakolola, zonse zitenthedwe pomwepo.

Wachitatu: Samalaninso pambuyo pokolola. Njere zogwera pansi zimamera mvula ikagwa, ndiye muziyenderabe mundawo, n'kuzula mphukirazo zisanachite maluwa. Zikachita maluwa, njuchi zitenga mungu kupita nawo ku thonje la anansi.