Kutentha kwatsika koma ng'ombe zikununkhabe

Wothandizira kafukufuku: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa kafukufuku wathu wa matenda a chiberekero tili ndi ng'ombe zamkaka 6 zomwe zaswa sabata yatha. Zonse zinatentha kupitirira madigiri 39.5, zikutulutsa zamadzimadzi zofiirira, zonunkha chivundi. Ndinazibaya flunixin (mankhwala oletsa kutupa ndi ululu) yekha mumtsempha, 2.2 mg pa kilogalamu ya kulemera kwa ng'ombe. Kutacha kutentha kunatsika, zina zinayambanso kubzikula, ine n'kulemba pafomu kuti zachira. Lero ndavala gulovu n'kupima, fungo ndi lomwe lija. Ndalakwitsa pati?

Dokotala wa ziweto: Achimwene, mwathamangira kulemba. Flunixin amatseka COX, enzayimu ya m'thupi, kuti thupi lisapange prostaglandin, michere yoyambitsa kutupa, n'chifukwa chake kutentha ndi ululu zatsika. Koma mabakiteriya monga E. coli, Trueperella pyogenes ndi Fusobacterium necrophorum adakali m'chiberekeromo, sanakhudzidwe n'komwe. Ng'ombe yodwala chonchi ikufunika antibayotiki. Ine ndimapereka ceftiofur, 2.2 mg pa kilogalamu kwa masiku 5, mankhwala oletsa kutupawo n'kungothandizira kuti iyambe kudya. Musachedwe nazo chonde, zimandimvetsa chisoni ng'ombe zotere.

Wa ku labu: Musanabaye ceftiofur mutenge kaye swabu (kathonje kotengera zamadzimadzi za m'chiberekero), mukachedwa ife sititha kumeretsa mabakiteriyawo m'mbale za ku labu. Komanso kutentha musakutenge ngati muyeso wa kuchira pamene mankhwala mukuwafufuzawo ntchito yake n'kutsitsa kutentha komweko. Muzilemba mtundu ndi fungo la zotulukazo tsiku lililonse, ndipo wolembayo asadziwe kuti ng'ombe ili m'gulu liti la kafukufukuyu. Magazi mutitumizirenso tione haptoglobin, puloteni yomwe imachuluka m'magazi thupi likatupa.

Wothandizira kafukufuku: Ndamva amayi. Nanga zomwe zatsala pang'ono kuswa, ndingazibayiretu flunixin zikangoswa kuti kutupa kusayambe?

Dokotala wa ziweto: Ayi, musayerekeze. Prostaglandin yemweyo ndi amene amathandiza chiberekero kukankha nsengwa. Flunixin wa nthawi yoswa amachititsa kuti nsengwa izikanirira, ndiye matenda mukuwathawawo mwawaitana nokha. Ngati ululu wachuluka, bayani meloxicam, mankhwala enanso oletsa ululu, 0.5 mg pa kilogalamu pansi pa khungu, kamodzi. Koma muyambe mwatsina khungu la pakhosi n'kuyang'ana maso. Khungu likachedwa kubwerera, maso atalowa m'kati, ndiye kuti ng'ombeyo yatha madzi m'thupi, ipatseni madzi kaye, apo ayi muwononga impso. Dexamethasone, mankhwala oletsa kutupa a mtundu wina, musaphatikizepo.

Wothandizira kafukufuku: Zikomo adokotala. Swabu ndatenga zonse 6, ceftiofur ndayamba masana ano. Imodzi maso analowadi m'kati, ndaimwetsa madzi ndi chubu. Mawu oti "yachira" ndafufuta pafomu.